Mayi Musakhudze ndi Mpando wa Achimwene Awo

Kumapeto kwa khonde la maofesi a pakoleji, ukadutsa makina a fotokope amene amagwira ntchito akafuna, pali kachipinda ka zenera limodzi. Ophunzira ambiri amalowamo kawiri kokha pa zaka zawo zonse: tsiku lotenga kalata yopita nayo kukathandiza ku mabungwe a m'tauni, ndi tsiku lodzabweza fomu yosainidwa. M'menemo mumakhala mayi wina wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe, amene ana a sukulu anawatcha Mayi Musakhudze. Eni ake dzinalo akulidziwa ndipo sawawidwa nalo mtima. Amangoti, "Bola ine. Anzanga a ku laibulale munawatcha Shiii."

Dzinalo sanawanamizire. Patebulo pawo chilichonse chili ndi pake: chidindo kudzanja lamanja, zolembera kutsogolo kwake, kapu ya tiyi pamwamba pa kabati ya mafayilo, chogwirira chitaloza kukhomo. Wophunzira akamayankhula nawo uku akuseweretsa cholembera cha patebulopo, iwo samudula mawu. Amangotambasula dzanja, kulanda cholemberacho, kuchibweza pamalo pake, maso ali pankhope ya mwanayo ngati palibe chachitika. Malemu amuna awo, amene anali dalaivala wa lole ndipo makiyi ankaponya paliponse, ankakonda kuuza alendo kuti m'nyumba mwawo ngakhale masilipasi amagona pamzere ngati asilikali.

Si mphunzitsi ayi, ndipo gauni ya omaliza maphunziro sanaivalepo. Anafika pakolejipo ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu ngati wotaipa makalata. Makompyuta atabwera, aliyense n'kuyamba kudzitaipira yekha ndi zala ziwiri, akuluakulu anasowa kowaika. Mwamwayi nthawi yomweyo panatuluka lamulo loti wophunzira aliyense, asanalandire pepala lake, azikathandiza kwa masabata angapo ku gulu lina la anthu a m'tauni: kosamalira ana, kwa okalamba, kwa amayi osoka, kulikonse kumene angamulandire. Pankafunika munthu wodziwa kupempha. Aphunzitsi amadziwa kulamula ndi kulemba malipoti, koma kugogoda pakhomo la munthu n'kudikira mpaka atsegule, zimenezo sanaphunzire. Ntchitoyo inagwera mayi wotaipa uja.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene palibe anawatuma. Ophunzira akamaliza masabata awo, iwo ankakwera minibasi n'kupita kukakhala pabenchi ya bungwe lililonse, kumwa tiyi wa eni ake, n'kufunsa kuti ana aja anakhala bwanji. Poyamba anthu ankangoti, "Bwinobwino, mayi." Kapu yachiwiri ikamatha, zoona zinkatuluka. Okalamba anadandaula kuti ana a pakoleji ankawaimbira nyimbo ndi kuwavinira m'mawa uliwonse, pamene iwo ankangofuna wowawerengera nyuzi ndi wowawenga zikhadabo za kumapazi. Amayi osoka anatopa ndi kufunsidwa chaka ndi chaka kuti mavuto anu ndi otani, mpaka mmodzi anayankha mtsikana wa kope m'manja kuti, "Lero vuto langa ndi inuyo, mwakhalira nsalu ya kasitomala." Kosamalira ana kunali kamwana kamene kanatha mwezi kakuima pageti masana aliwonse, chifukwa wophunzira wina potsanzika anati adzabweranso Lachisanu. Zonsezi mayiwo ankabwera nazo m'mutu, ndipo m'menemo munachokera masiku awo atatu. Asanatumize ana a eni kwa eni, ankawakhazika pansi m'mawa katatu n'kuwauza mmene mlendo amakhalira.

Koma muzu wa zimene ankaphunzitsazo unali wakale kuposa koleji. Bambo awo anali wosoka nsapato, ndipo maso anawathawa pang'onopang'ono asanafike zaka makumi anayi ndi zisanu, matenda akumtundu. Ntchito sanasiye. Ankakhala pakhonde la nyumba ya zipinda ziwiri, pa kampando kathabwa, bokosi la zida lili kumanja, ndipo zala zinkapeza singano, ulusi ndi kampeni popanda kufufuza. Nyumba yonse inkayendera zala zimenezo. Chitseko chinkakhala chotsekeratu kapena chotseguliratu, chapakatikati ayi. Ndowa inali ndi ngodya yake. Ukalowa unkanena kuti ndalowa, ukamatuluka unkatsanzika ngakhale ukungopita kuseri, chifukwa panalibe chomvetsa chisoni ngati kupeza bambo akulankhula ndi khoma, akuyesa mwana wawo akadali pomwepo. Ana analipo awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndipo wotsogolera bambo kumsika kukagula zikopa anali mtsikanayo, dzanja la bambo lili paphewa lake.

Loweruka lina, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtsikanayo ankakolopa pakhonde. Anakokera kampando ka bambo kukhoma kuti akolope pansi pake, mnzake n'kumuitana kumsewu, iye n'kuthamangira chikolopa chili m'manja. Akubwerera, ali pampanda, anaona bambo akutuluka m'nyumba akuimba mluzu. Anawaona akuwerenga mapazi awo anayi a masiku onse, akutembenuka, akukhala pamene panalibe kanthu. Anafuna kukuwa koma mawu sanatuluke. Mkono umene bambo anatchinjirizira unathyoka, ndipo kwa miyezi iwiri singano sanaigwire. Amayi atafunsa kuti wasuntha mpando ndani, mtsikanayo anayang'ana pansi. Mlandu unagwera mchimwene wake wa zaka khumi ndi zitatu, amene anali wodziwika kale ndi kusiya zinthu paliponse. Anakwapulidwa ndi lamba, ndipo sanakane. Mtsikanayo anati adzanena mawa. Mawalo linafika n'kupita, bambo anamwalira, amayi anatsatira, iye anakwatiwa, anabereka ana atatu, anaika mwamuna wake m'manda, nkhaniyo ikadali pakhosi. Kuchokera tsiku limenelo sanasunthenso chinthu cha munthu, ndipo wina akamasuntha pamaso pake thupi linkamuyabwa.

Achimwene awo aja anakula n'kukhala wowotcherera zitsulo, ndipo matenda a bambo anawapeza ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Anakhala pakhomo zaka ziwiri, wailesi ili pamwendo, akukalipira aliyense wodutsa. Kenaka anatopa nako kukwiya. Anasonkhanitsa anzawo osaona amene anadziwana nawo pamzere wa kuchipatala, anapempha galaja yakale kuseri kwa mashopu, n'kuyamba kupanga mamopu ndi mabulashi ndi kuluka mipando. Lero alipo khumi ndi mmodzi, ndipo onse amawatchula Atcheya, mpaka akazi awo kunyumba akafuna kuwaseka. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi galajayo inkalandira ophunzira a pakoleji, ndipo Lamulungu lililonse masana Mayi Musakhudze ankapita kwa achimwene awo kukawameta tsitsi, chifukwa ometa a m'tauni, mwa kunena kwa Atcheya, amameta munthu wosaona ngati akutchetcha udzu wa m'mbali mwa msewu.

Zinasokonekera chaka chatha. Mkulu watsopano wa nthambi yawo, munthu wophunzira kwambiri ndi wothamanga nthawi zonse, anaona kuti masiku atatu ndi kutaya nthawi. "Ana awa ndi a pakoleji, mayi," anatero. "Kupereka moni anaphunzira kwawo. Ola limodzi likwana." Ola limodzilo linatha ndi kugawa mafomu. Ku galaja kunapita ophunzira asanu ndi mmodzi, ana abwinobwino, a mtima wofuna kuthandiza mpaka kusefukira. Anaona fumbi m'makona, makoma akuda, zida zili mbwee pamatebulo, ndipo zinawakhudza. Anapangana mwachinsinsi kuti achite zodabwitsa. Loweruka, eni ake kulibe, ananyengerera mlonda kuti awapatse kiyi. Anasesa, anapaka penti yoyera, anakhoma mashelefu, anasanja zida zonse mwa msinkhu, zazing'ono uku zazikulu uku, ndipo pa shelefu iliyonse analemba dzina la chida ndi zilembo zikuluzikulu zofiira. Analembera anthu osaona, inde. Anajambulanso zithunzi za galaja isanakonzedwe ndi itakonzedwa, n'kuzitumiza kwa anzawo onse.

Amati safunsa anadya phula, koma apa osafunsa anali ena, phula anadya wina. Lolemba m'mawa bambo wachikulire wopanga mabulashi anapisa dzanja m'kabokosi mmene kwa zaka zisanu ndi zitatu munkakhala mpukutu wake wa chingwe. Anapezamo mipeni itatu yoimikidwa bwinobwino, kuthwa kuli m'mwamba. Kuchipatala anamusoka chikhatho, ndipo chala chimodzi mpaka lero sichipinda bwino. Anzake anatha sabata yathunthu akufufuza zida zawo m'malo mwawo momwe.

Atcheya anaimba foni masana omwewo. Sanati chemwali, sanati iwe.

"Inu a ku koleji," anatero, "ana anu musatitumizirenso. Tikafuna penti tidzanena."

Lamulungu lotsatira mlongoyo anapita ndi sizasi ndi chipeso monga mwa masiku onse. Anapeza achimwene atametetsa kale mpala kwa wometa wa kumsika. Anamwa tiyi, anakamba za mvula ndi za ana, mwaulemu ngati anthu ongokumana padepoti. Akazi a Atcheya powaperekeza ananong'ona kuti, "Apatseni nthawi, alamu. Chibale ndi fupa, sichiola." Nthawi anawapatsa, chaka chathunthu. Ku koleji analimbana mpaka masiku awo atatu anawabwezera, pakuti mkulu uja nkhani ya dzanja inamuchititsa manyazi. Koma galaja inakhalabe yotseka kwa ophunzira, ndipo Lamulungu masana Mayi Musakhudze ankasita zovala zosita kale. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo sankauza munthu.

Pa makalata amene analembera Atcheya opempha kuti alandirenso ophunzira, yachinayi ndiyo inayankhidwa, pafoni, mwachidule. "Atatu basi. Masabata awiri. Koma tsiku loyamba likangondinunkhira za chaka chatha, abwerera tsiku lomwelo, ndipo nkhani imeneyi musadzaiyambenso ndili moyo."

Atatuwo mayiwo sanasankhe okha, anangobwera pamndandanda. Panali mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, panali mnyamata wamtali wamanyazi amene moni wake unkathera m'kolala, ndipo panali wina amene anzake ankamutcha Loya ngakhale ankaphunzira za malonda. Loya anali wapakamwa. Ukati kunja kukutentha, iye ankafuna adziwe kuti poyerekeza ndi liti. Mayi Musakhudze atangomumva mphindi zisanu, mtima unawauza kuti chitseko cha galaja adzachitseka ndi ameneyu.

Tsiku loyamba anawakhazika pabenchi m'kachipinda muja, mawondo akugundana, n'kutambasula dzanja.

"Ndipatseni mafoni anu."

"A chiyani, mayi?" anafunsa wa zikhadabo, foni ataikumbatira kale pachifuwa.

"Ndikukonzereni. Ndaona mwadzazamo zinthu zambirimbiri. Ndifufuta zosafunika, zotsalazo ndisanja bwino, mayina a anthu ndisintha kuti azioneka mwadongosolo. Musadandaule, ndikungothandiza."

Palibe anapereka. Wamanyazi uja yake anailowetsa m'thumba la mkati.

"Mwakana chithandizo?" anatero mayiwo. "Ndiye mwamva. Kumene mukupitako, tebulo la munthu ndiyo foni yake. Inu mukaona chipwirikiti, mwini wake akudziwa pamene pali chilichonse."

Tsiku lachiwiri anayeserera kulowa. Iwo anakhala choyang'ana kukhoma, ana n'kumagogoda mmodzimmodzi. Ukalowa nena kuti ndiwe ndani, tsiku lililonse, usamati mawu anga awazolowera. Ukamachoka tsanzika, koma usalonjeze Lachisanu limene sudzabwera. Usagwire munthu pamkono n'kumukoka ngati mbuzi; funsa kaye, ndipo akavomera, iyeyo ndiye agwire chigongono chako. Usakuwe, makutu awo ndi abwino kuposa ako. Chithunzi ayi, mpaka mwini nkhope atavomera ndi pakamwa pake. Ola loyamba manja akhale kumbuyo. Wamanyazi anabwerezedwa kasanu ndi kawiri mpaka dzina lake linatuluka m'kolala. Wa zikhadabo anabwera tsiku lachitatu atawenga yekha osauzidwa, ndipo mayiwo ataona anangoyamba iyeyo kumuthirira tiyi.

Pa kabolodi ka kuseri kwa chitseko panali lamulo limodzi lokha, la zilembo zazikulu, limene dzina lawo linachokerapo: MUSAKHUDZE. Tsiku lachitatulo Loya analiyang'ana nthawi yaitali, n'kukweza dzanja.

"Mayi, nanga tikasuntha chinthu mwangozi?"

"Simusuntha."

"Ndamva. Koma tiyerekeze kuti chasunthika. Mwina ndapunthwa nacho, mwina chagwa ine n'kutola."

"Ndati simusuntha, bambo."

"Ndiye kuti lamuloli laperewera," anatero Loya, "chifukwa munthu ndi munthu, ndipo ngati..."

"Iwe," anamudula mayiwo, amene ana a eni sankawatchula iwe kawirikawiri. "Mawa pakamwa pakopo utseke. Moni, dzina, basi. Ukakayamba za milandu zakozi kumeneko, fomu yako sindisaina."

Loya anatseka pakamwa, nkhope ikufunsabe. Ana atapita, mayiwo anakhala akuyang'ana kabolodi kaja, tiyi akuzizira. Funsolo linali labwino, ndipo anadziwa chimene chinawakwiyitsa. Yankho lake ankalidziwa kuyambira ali mwana, koma iwo eni anali asanalichitepo.

M'mawa mwake anatsika minibasi pamashopu nthawi isanakwane. Anadutsa sitolo ya misomali ndi simenti, kanyumba kometera, ndi bambo wokonza njinga amene anawafunsa kuti mwasowa bwanji. Kanjira kolowera kuseri kanali ndi ngalande yaing'ono yowolokera pathabwa. Chitseko chachitsulo cha galaja chinali chotseguliratu. Mkati munali mdima wozizirira, fungo la guluu ndi ulusi watsopano, wailesi yokoleka pamsomali ikulankhula yokha pansipansi. Penti yoyera ya chaka chatha inali itadetsedwa kale ndi zikhatho pamsinkhu wa phewa, mmene anthu amagwira poyenda. Mashelefu aja anali pululu, zilembo zofiira zikadalipo.

"Odi muno," anatero Mayi Musakhudze. "Ndine wa ku koleji, ndabwera ndi ana atatu."

"Wina ayatse magetsi," anatero mayi wina wojintcha amene ankamanga mamopu pafupi ndi khomo, manja osaima. "Alendo athuwa ndi ovutika, popanda nyali saona."

Galaja yonse inaseka, ndipo wamanyazi uja ndiye anaseka kwambiri mpaka anadzidabwa yekha. Ana ananena mayina awo bwinobwino, manja kumbuyo. Atcheya anali pa mpando wawo wachitsulo pakati pa galaja, pamene njira yochokera kukhomo imapanikizika pakati pa matebulo awiri. Mpandowo anauwotcherera okha akadali ndi maso, ndipo miyendo yake inali itakumba timaenje tinayi m'simenti. Alendowo ataima pambali pa mpandowo, iwo anamvetsera mayinawo mutu atapendeketsa, osamwetulira.

"Takulandirani," anatero. "Dikirani pomwepo, ndikatenge buku la alendo."

Ananyamuka n'kulowera kukachipinda ka kumbuyo, osagwira ndodo, osagwira khoma. Nthawi yomweyo pakhomo panafika bambo wobweretsa ulusi, wilibala itadzaza mitolo mpaka kumutchinga nkhope. "Njira, njira!" Mayi Musakhudze maso awo onse anali pa manja a ana, makamaka a Loya, amene zala zake zinkavinavina kumbuyo. Wilibala inafika pampando n'kuima. Dzanja la mayiwo linachita lokha zimene dzanja la munthu aliyense waulemu likadachita: linagwira mpandowo n'kuukokera pambali. Wilibala inadutsa ikulira, kulira kwake n'kumeza phokoso la mpando pasimenti. Mayiwo anali atatembenukira kale kwa wa zikhadabo uja, amene ankaweramira bulashi ngati akufuna kuitola.

Atcheya anatuluka buku lili m'khwapa, akulankhula. "Muno malamulo tili nawo ochepa, koma amene alipowo..." Anawerenga mapazi awo a masiku onse, anafika pa timaenje tinayi tija, anatembenuka, mawondo n'kuyamba kupinda.

Mayi Musakhudze anaona. Anaona mpando uli patali, anaona ngodya ya tebulo lachitsulo kumbuyo kwa mutu wa achimwene awo, ndipo mawu anakana kutuluka. Anangoima ngati kamtsikana kaja pampanda, chikolopa chili m'manja.

"Atcheya, imani! Musakhale!" Anali Loya. "Mpando wanu palibe pamenepo. Uli kumanzere kwanu, mapazi awiri. Wasunthidwa pamene imadutsa wilibala."

Sanathamange, sanawagwire. Manja anali akadali kumbuyo, koma mawu anamveka mpaka kwa wokonza njinga. Atcheya anaima chopinda mawondo, anadziwongola pang'onopang'ono, n'kutambasula phazi kumanzere mpaka linagunda chitsulo. Anaukoka mpandowo, miyendo yake n'kugwera m'timaenje take, ndipo anakhala. M'galaja monse manja anali ataima. Munkamveka wailesi yokha.

"Wayankhulayo ndani?"

"Ndine amene amanditcha Loya, Atcheya. Pepani, anandiuza kuti nditseke pakamwa."

"Wasuntha mpando ndi iweyo?"

Loya anayang'ana Mayi Musakhudze. Mayiwo anaona pankhope pake kuti akuganiza zoti angovomera. Anali atatsegula kale pakamwa. Mwana wa eni, wa masiku atatu okha chimudziwireni, ankafuna kusenza mlandu wa munthu wamkulu. Zoterozo mayiwo anali ataziona kale kamodzi pa moyo wawo.

"Ndine, achimwene," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza. "Ndasuntha ndine. Ana awa sanakhudze kanthu."



"Ha!" anatero mayi wa mamopu, amene dzina lija analimva kalekale kwa ophunzira a zaka zam'mbuyo. "Mayi Musakhudze akhudza!"

Kuseka kunayambira kukhomo n'kuyenda tebulo ndi tebulo. Atcheya sanaseke, koma mlomo unawavuta kuugwira.

"Bambo a mabulashi, mwamva zimenezi?"

"Ndamva," anayankha wachikulire uja ali kukona kwake. "Wapakamwayo mundipatse ine. Ndikufuna munthu woti azindiuza zimene zikuchitika muno, awa onsewa amandibisira."

Atcheya anatsegula buku pamwendo n'kutembenuzira nkhope kumene kunali ana. "Tamverani, ana inu. Muno zinthu zimasuntha tsiku lililonse. Ulusi umalowa, mamopu amatuluka, ifenso timagundana nazo. Anzanu a chaka chatha akadabwera Lolemba m'mawa, n'kuima pakhomopo n'kunena kuti tasuntha chakuti, tachiika pakuti, tikadawakalipira, mwina n'kuwatukwana pang'ono, koma magazi sakadatuluka. Iwo anangopita phee kukadikira kuti tiwathokoze. Ukasuntha, nena. Ukaona wina wasuntha, nena. Lembani mayina m'bukumu, masabata awiri ayambe lero."

Ana atagawidwa m'matebulo, Loya akufunsa kale bambo wa mabulashi chifukwa chake waya amamupinda kawiri osati katatu, Mayi Musakhudze anatsanzika galaja yonse. Atcheya ananyamuka. "Ndikuperekezeni, a ku koleji." Kanjira kameneko ankakadziwa kuposa mlongo wawo, komabe pakhomo anatambasula dzanja n'kugwira chigongono chake, zimene anali asanachite chaka chonse.

Anayenda mapazi angapo, dzuwa litakwera.  Mayiwo anaona kuti pakamwa pawo patseguka kale kamodzi lero, ndipo akapatseka tsopano sipadzatsegukanso.

"Achimwene, kampando ka bambo kaja."

"Eee."

"Ndinasuntha ndine. Ndinkakolopa. Munakwapulidwa chifukwa cha ine, ine n'kungokhala chete."

Atcheya sanaime. "Ndikudziwa, chemwali. Ndinakuona pazenera ukukakoka. Nthawi imeneyo maso ndinali nawo."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Unali kamwana, lamba uja akadakuthyola. Ndinati udzanena wekha ukakula." Anapukusa mutu. "Sindinkadziwa kuti kukula kwako kutenga zaka makumi anayi ndi zitatu."

Mayiwo anafuna kuseka, koma inatuluka ndi misozi, panjira pomwepo, wokonza njinga akuona. Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pachingwe. Achimwene anangofinya chigongono chija kamodzi, n'kuima kudikira.

"Lamulungu ubwere ndi sizasi," anatero kenaka. "Wa kumsika uja andimaliza makutu."

"Ndibwera." Anapukuta m'maso ndi chikhatho n'kuyang'ana pansi. "Pali ngalande apa, achimwene. Thabwa lija alisunthira kumanja, phazi limodzi."

"Walisuntha ndani?"

"Sindikudziwa. Koma ndanena."